Munda wa kuchulu, kwa Santhe: zomwe ndakhala ndikulemba kuyambira Julaye 2023

16 Julaye 2023

Ndayamba kulemba izi chifukwa mutu wangawu suchedwa kuiwala, chaka chamawa ndidzayamba kunama kuti ndinathira zakuti pomwe sindinathire. Munda wake ndi uja wa kuchulu, ekala imodzi ndi theka, kuno kwa Santhe ku Kasungu. Malowa ndi a kwa amayi, atate anali mkamwini chabe koma ndi amene anawalima zaka zambirimbiri, fodya wa bale chaka ndi chaka, akatopa chimanga, kenako fodya yemweyo. Mitengo yonse inathera ku zigafa. Pano dothi lake ukalitapa m'manja limangoyoyoka, lotuwa mbuu ngati mchenga wa kumtsinje, ndipo ukakumba pansi pa mzere pamakhala pouma gwa, khasu limachita kudumpha. Chaka chathachi tinakololamo matumba 7 titathira feteleza matumba awiri, kaufiti ali psuu munda onse.

Chomwe ndikufuna nchoti pakatha zaka zitatu kapena zinayi pakhomo pano tisamagulenso chimanga, ndiwo ndi nkhuni, feteleza tizigula thumba limodzi basi osamayang'ana kunjira kudikira makuponi. Ndaugawa patatu. Kumunsi chimanga cha mtayakhasu chophimbira ndi mapesi, pakati soya ndi mtedza, kumtunda mizere 20 ilimidwa mwakale, kugalauza ndi kubandira, chifukwa atsibweni akana kuti munda wa mlongo wawo ndiuseweretse onse. Akuti "iwe, kuyambira liti munthu nkudzala pa zinyalala ngati nkhuku?" Ndawayankha kuti chabwino atsibweni, mizere yanuyo ikhale mboni.

30 Julaye

Mapesi tagoneka onse kumunsi. Sanakwane, pena dothi likuonekabe. Tayamba manyowa a chimato milu inayi pafupi ndi khola: pansi mapesi odula tizidutswa, pamwamba masamba aawisi omwe tapeza kudambo, ndowe za mbuzi, phulusa pang'ono, kuwaza madzi, kubwerezanso mpaka mulu ufike m'chiuno kenako nkumata ndi dothi ngati nkhokwe nkusiya kabowo pamwamba. Madzi ndi amene avuta, mjigo uli kutali ndipo mayi akunyumba anena poyera kuti iwo sangatungire madzi zinyalala pomwe pakhomo palibe osamba. Ndatunga ndekha pa njinga, zigubu ziwiri ulendo umodzi, maulendo 9.

13 Ogasiti

Ndinazika kamtengo mu milu ija kuti ndione ngati yatentha. Itatu kamtengo kakutuluka kofunda bwinobwino, umodzi zii, ndinaumana madzi. Ndauphwasula nkuyambiranso.

27 Ogasiti

Lero ndalemba mtima ukuwawa. Anyamata osaka mbewa atentha munda. Anayatsa kutchire la kumalire dzulo masana, mphepo nkuwutenga moto uja mpaka mapesi onse omwe tinagoneka, ndikufika ine kwangotsala phulusa lakuda ndi maenje omwe akumba una. Ntchito ya sabata ziwiri yapsa nthawi yosakwana kuphika nsima. Chondipweteka nchoti alangizi anandiuza kale kuti lambulani m'mbali monse musanagoneke mapesi, ine ndimangoti mawa mawa.

Nkhani inapita kwa amfumu. Makolo a anawo apepesa, alipa nkhuku imodzi, ine ndalandira chifukwa ndi abale omwewa, mawa lino tikumana pa maliro. Komanso kunena zoona mbewazo tonse timadya, ineyo ndikapita pa msika ndimagula kapani osafunsa kuti anatentha munda wa ndani. Atsibweni sanalankhule kanthu, anangoyang'ana phulusa lija nkunena kuti bola moto wapha mazira a tizilombo.

10 Seputembala

Tikumweta udzu kudambo kulowetsa m'malo mwa mapesi. Ngolo ya ng'ombe yobwereka maulendo asanu, ndalipira ndi ndowa ziwiri za chimanga. Udzu wokhala ndi njere ndikuupewa, ndingadzale tchire ndekha. Ulendo uno ndalambula kaye mikono itatu kuzungulira munda onse.

24 Seputembala

Nazale ya mitengo yayamba kumera. Gilisidiya savuta, wamera pafupifupi machubu onse. Nsangu ndi umene uli ndi mwambo wake, njere zake nzolimba ndiye umayenera kuzipala pang'ono m'mbali, ine ndagwiritsa ntchito chowengera zikhadabo, ukapanda kutero umangodikira mpaka kutopa. Chinanso muzu wake umathamangira pansi mwachangu, ukasiya machubu padothi umaboola nkulowa munthaka ndipo podzanyamula umaduka, nde ndamanga kathandala machubu akhale m'mwamba. Mtengo uwu ndimaukonda chifukwa umachita zosemphana ndi inzake, dzinja umayoyola masamba chimanga nkumalandira dzuwa ndi manyowa, chilimwe ndi pomwe umabiriwira mbuzi nkumadya nyemba zake. Vuto lake ndi limodzi, sufulumira, amene adzadyerere kwenikweni ndi ana angawa.

22 Okutobala

Chizimalupsa chagwa usiku, pang'ono chabe, fungo la dothi lija basi. Sitidzala. Chimato chapsa, tatsegula mulu umodzi, manyowa akuda bii ofewa onunkhira ngati dothi la m'nkhalango, muli ndi tizilombo toyenda yenda. Milu inayi yatipatsa mawilibala 31, ine ndimaganiza kuti akwana munda onse koma ayi ndithu, ngochepa kwambiri. Tingothira pa phando pa phando, chanza chimodzi.

Mbuzi za eni zayamba kudya udzu tinaphimbira uja. Chilimwe kuno ziweto zimangotayiriridwa, sungamuimbe mlandu munthu.

11 Novembala

Kwacha yagwa ndi 44 peresenti sabata ino. Ndinali nditasunga ndalama ya matumba awiri a feteleza ku banki mkhonde, ndimadikira tigawane, pofika kusitolo mitengo yasintha kale ndipo ena angotseka kaye kudikira aone mphepo. Ndagula thumba limodzi la wokulitsa ndi theka la yureya wopima pa sikelo. Basi tsopano Mbeya, manyowa aja osakaniza ndi feteleza pang'ono, sinkhani yoyeseranso, ndi yomwe itipulumutse kapena kutigwetsa.

Ndilembe bwinobwino mmene ndapangira kuti ndisadzaiwale. Thumba limodzi: makilo 20 a madeya, makilo 20 a ndowe zouma zosinja (ine ndasakaniza za mbuzi ndi zitosi za nkhuku), makilo 10 a phulusa losefa, makilo 10 a feteleza, madzi malita 5. Kusakaniza pa simenti kapena pa lona mpaka ukafinya m'manja zigwirane koma osadontha madzi. Kenako m'thumba lokhala ndi pepala la pulasitiki mkati, kutsendera, kumanga kolimba mpweya usalowe, kuika pa mthunzi masiku 21. Ndapanga matumba asanu a wokulitsa, a yureya ndipanga sabata yamawa padera. Madeya nawo akwera mtengo ku chigayo chifukwa aliyense wadzidzimuka nthawi imodzi, a nkhumba akuwafuna, a kachasu akuwafuna, ife a Mbeya tikuwafuna. Phulusa ndachita kupemphetsa khomo ndi khomo mpaka azimayi ayamba kunditcha bambo a phulusa kkkk.

3 Disembala

Tatsegula matumba. Fungo lake eee, limalowa m'mphuno mpaka misozi. Thumba limodzi linabooka pansi, mkati mwachita nkhungu yakuda mbali imodzi, ndalipatula. Enawo tayanika pa mthunzi kuti aume pang'ono.

12 Disembala

Mvula yeniyeni yagwa masiku awiri otsatizana, tadzala. Chimanga cha kumunsi mwa Sasakawa, njere imodzi pa phando, masentimita 25 kutalikana, mizere masentimita 75, kungokankha udzu nkuboola ndi kamtengo. Kudzala pa udzu nkochedwa, chingwe chimakodwa kodwa, aganyu awiri anadandaula mpaka ndinawonjezera ndalama. Mizere 20 ya atsibweni mbewu yake ndi yomweyo, tsiku lomwelo, iwo athira feteleza weniweni osasakaniza.

Soya ndadzala Tikolore mizere iwiri pa mzere umodzi, nditasakaniza ndi inokyulanti (tizilombo tothandiza mizu ya soya kupanga chonde) pa mthunzi nkudzala tsiku lomwelo, zija sizifuna dzuwa. Mtedza CG7, mizere iwirinso. Alangizi amati mtedza ukadzala mothithikana komanso molawirira nsabwe zobweretsa kadukutu sizikonda, tiona. Gilisidiya tawokera m'malire, nsangu 40 m'munda monse motalikana mamita 10.

29 Disembala

Kamera bwino mbali zonse. Kunena chilungamo chimanga cha atsibweni chikuoneka chobiriwira kuposa changa, changa chili chachikasu pang'ono makamaka pomwe udzu unachuluka. Akuti udzu ukamawola umayamba wabwereka kaye chakudya cha m'nthaka. Iwo akudutsa m'mawa uliwonse manja kumbuyo, osayankhula, kumangomwetulira.

Udzu womera ndi wochepa pomwe tinaphimbira mokwanira, pomwe mbuzi zinadya wamera ngati wodzala. Tikuzula ndi manja.

14 Januwale 2024

Ntchemberezandonda zafika. Chiyambire 2017 palibe chaka zomwe zinatiiwala. Umaziona ndi masamba obooka ngati zenera ndi utuchi uja pa nsonga. Ndilibe ndalama ya mankhwala ndiye tikuyenda m'mawa dzuwa lisanatuluke ine ndi ana, kuphwanya mazira pansi pa masamba, kutola mbozi, kuthira mchenga wosakaniza ndi phulusa mu nsonga. Ndayesanso njira ya msuzi wa bonya yomwe anthu akuikamba: kuwiritsa bonya pang'ono, kuziziritsa, kuwaza pa chimanga kuti nyerere zibwere. Ndinakaona madzulo ake, nyerere zili nyomi pa phesi, zina zikukoka kambozi kakang'ono kutsika nako pansi, mwana wanga wamng'ono anakhala pompo mpaka mdima kuonerera. Mbozi zikuluzikulu sizikuzitha koma zing'onozing'ono zikupita. Mayi akunyumba akuti ndiwo zikusowa m'nyumba ine ndikudyetsa chimanga bonya, ndipo sakunama.

Wobereketsa wa Mbeya tathira, chanza chaching'ono pa phesi, kukwirira. Mtundu wayamba kusintha.

4 Febuluwale

Mvula yadula. Lero tsiku la 11.

15 Febuluwale

Tsiku la 22, kumwamba kuli mbee, dzuwa ngati Okutobala. Pa wailesi akungoti El Nino El Nino. Chimanga chili pa nthawi yoipa kwambiri, chikufuna kumasula. Lero masana cha m'ma 1 koloko ndinayenda munda onse dala kuti ndione. Mizere 20 ya kumtunda masamba apotana ngati anyezi, otuwa, ena apsa m'mphepete, dothi lotentha moti sungaponde opanda nsapato. Kumunsi nako kwafota, ndisaname, koma kumafota masana okha, m'mawa chimakhala chadzuka. Ndinakankha udzu nkupisa chala, pansi pakadali pozizira ndipo dothi likugwirana pang'ono. Ndinakhala pansi pompo kanthawi ndithu. Ndinakumbuka maulendo asanu a ngolo aja omwe ndinkatukwana nawo mumtima.

Chiswe ndiye chatulukira, chikudya udzu usiku ndi usana, ukatchera khutu madzulo umachimva chikuchita tseketseke. Anthu anandiopseza kuti chikamaliza udzu chigwetsa chimanga. Mpaka pano chagwetsa mapesi owerengeka, ambiri pomwe panalibe chophimbira. Ndikuganiza kuti bola chikhale ndi chakudya chake, koma udzuwo ukutha msanga ndipo nkhawa yanga ili pamenepo.

Nsangu 14 zauma. Soya akupirira. Mtedza ukuvutika kulowetsa timizu take m'dothi louma.

21 Febuluwale

Yagwa usiku wonse. Mayi akunyumba anadzuka pakati pa usiku kutchera mabeseni, ine ndinangogona kumvera malata.

10 Malichi

Kaufiti wamera, kumtunda kwambiri, kumunsi apo ndi apo. Tikuzula asanachite maluwa nkukataya kudzenje kutali, chifukwa kambewu kake nkochuluka ngati fumbi ndipo kamatha kukhala m'dothi zaka zambiri kudikira chimanga. Komwe kuli soya ndi mtedza kulibe ndi mmodzi yemwe, chaka chamawa chimanga chipita kumeneko. Ndinazula soya mmodzi kuona mizu, tili timatuza tambiri, ndikaphwanya mkati mofiirira, akuti ndiye kuti tikugwira ntchito.

Ndiwo sizikuvuta pano, nkhwani, khwanya, bonongwe ndi chisoso zomera zokha pomwe tinathira chimato. Mayi akunyumba ayamba kufutsa.

24 Malichi

Dzulo a Chakwera alengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Kuno ukayenda m'minda umaona wekha, makamaka omwe anadzala mochedwa, mapesi ali chilili opanda kanthu. Akuba chimanga chachiwisi ayamba kale, ndikugona kumunda masiku ena.

28 Epulo

Soya tamweta, tawomba, matumba 4 osadzadza bwino. Mavenda ali pa msewu ndi masikelo awo, sindigulitsa pano, thumba limodzi ndi la phala la ana ndi mbewu. Mtedza takumba, tauunjika mozungulira makoko kuloza mkati mwa Mandela koko kuti uume pang'onopang'ono mvula ya mwadzidzidzi isaunyowetse. Wambiri ndi mphwephwa chifukwa cha ng'amba ija. Ndawauza ana kuti poswa asawaze madzi kuti makoko afewe, chuku chimayambira pomwepo.

26 Meyi

Takolola chimanga, ndapima ndekha chitauma ndi kutonola. Kumunsi, malo osakwana bwino ekala, matumba 13 ndi ndowa imodzi. Mizere 20 ya atsibweni thumba limodzi ndi theka. Ndikawerengera kukula kwa malo, kwanga kwaposa ndithu, mwina kuwirikiza.

Ndinapita kukawauza ndili ndi kamatama pang'ono. Anandimvetsera mpaka kumaliza kenako anati "wamaliza? Mizere yangayo unandipatsa kumtunda pa mchenga, iwe unatenga kumunsi komwe madzi amatsikira. Nanga ngolo ija, aganyu aja, madeya, bonya, masiku onse unkagona kumunda, wawerengera?" Ndinasowa chonena. Za mtunda akunena zoona, ndinalakwitsa poyamba pomwe, mizere ya mboni imayenera kukhala pakati pa inzake. Za ntchitonso akunena zoona, munthu wa zaka zawo payekha sangamwete udzu ngolo zisanu. Ndawauza kuti chaka chino asankhe okha pomwe akufuna mizere yawo, asankha pakati penipeni pomwe panali soya, pomwe ine ndimapadalira. Akuluakulu ndi ochenjera inu.

16 Juni

Chimanga chalowa m'matumba a PICS, aja a mapepala awiri mkati ndi saka kunja, osathira mankhwala, anankafumbwe amafa okha ndi kusowa mpweya. Ndisanathire ndinayesa ngati chauma: njere pang'ono mu botolo louma, mchere supuni imodzi, kukhutchumula, mchere sunamatirire m'mbali. Pepala lililonse kumanga palokha. Ndagula 8 okha, ndalama inathera pomwepo, otsalawo tiyambira kudya. Pakhomo pano tilipo anthu 6, tikasamala tifika Malichi, koma abale omwe sanakolole ndi ambiri ndipo abwera, ena ayamba kale kudzacheza nthawi ya nkhomaliro.

Nkhuku ndazipatsa katemera wa chitopa wa I-2, dontho limodzi m'diso. Chaka chatha ndinazengereza zinafa 11, ndipo popanda nkhuku Mbeya wanga alibe zitosi.

7 Julaye

Dimba layamba kudambo, kachitsime kokumba pamanja, mabedi 6: mpiru, repu, tomato, anyezi, ndi bedi limodzi losungira mbewu ya mbatata ya Kadyaubwerere kuti Disembala ndisadzapemphetse. Madzi chaka chino ali pansi kwambiri kuposa nthawi ngati ino chaka chatha, ndaphimbira mabedi onse ndi udzu, kuthirira madzulo okha. Nsabwe pa repu ndikuwaza madzi a masamba a nimu osinja ndi kasopo pang'ono. Mwera ukuwomba, m'mawa manja amachita kuuma pogwira kheni.

Gilisidiya wafika m'chifuwa. Nsangu zatsala 23, zina zazifupi ngati chikhatho, ndazitchingira ndi minga kuopa mbuzi. Ndafesa zina 30 zobwezeretsa.

4 Ogasiti

Khoswe waboola thumba limodzi la PICS pansi, ndaona ndi ufa pa simenti. Ndasamutsira chimangacho m'thumba wamba kuti chipite kuchigayo, enawo ndawakweza pa thandala kutali ndi khoma, mphaka ndabwereka kwa apongozi.

Kumunda ndalambula kale m'mbali monse mikono inayi mapesi ndisanagoneke, ndipo amfumu alengeza pa msonkhano kuti wotentha munda wa mnzake chaka chino alipa mbuzi osati nkhuku. Mapesi chaka chino ngochulukirapo koma sakukwanabe, ndipo ena ndiyenera kusungira mbuzi zanga. Chimato milu 7, iwiri yamatidwa, isanu ikudikira madzi. Madeya ndayamba kusunga pang'onopang'ono tikapita kuchigayo, pano ndili ndi matumba awiri ndi theka, ndikufuna asanu pofika Okutobala, ngati mayi akunyumba sawasandutsa ufa wa mgaiwa njala ikafika. Loweruka ndikupita kukakamba za ngolo, mwini wake akuti chaka chino sakufuna chimanga cha ndowa ziwiri, akufuna zitatu.